Kwa achemwali amene afunsa za mwezi wabwino wojambula tizilombo ndi maluwa kuphiri

Achemwali, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi bwinobwino. Mwafunsa kuti mwezi wabwino wokwera kuphiri la Zomba kukajambula maluwa ndi tizilombo moyandikira kwambiri, kujambula kumene amati macro, ndi uti, komanso ngati foni yanu ingathe ntchitoyi kapena muyambe mwasunga ndalama ya kamera. Anzathu ambiri m'gulu muno akuuzani kuti mudikire mvula. Sananame, dzinja ndi lokoma, koma tili mu Seputembala, ndipo mukakhala pansi kudikira mudutsidwa ndi zinthu zimene simudzazionanso mpaka chaka chamawa.

Langizo langa ndi lakuti musasankhe mwezi, sankhani malo. Kamalo kamodzi, kosaposa bwalo la pakhomo panu, kamene mungamapiteko sabata iliyonse popanda kulipira galimoto. Kanga kali m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ku Botanical Gardens, munda umene Alexander Whyte anauyambitsa mu 1891. Pali mwala umodzi wokutidwa ndi ndere, chitsa chowola ndi tchire pang'ono. Ndikamapitako mobwerezabwereza ndimadziwa tsamba limene kangaude amamangapo, nthawi imene dzuwa limalowa pakati pa mitengo, ndi nthambi imene tombolombo amakonda kuterapo. Tombolombo akauluka musamuthamangitse. Imani pomwepo, kamera italoza pa kanthambi kaja, nthawi zambiri amabwerera pomwe anachoka. Zimenezi simungazidziwe ngati lero muli ku Chingwe's Hole, mawa ku Williams Falls, mkuja ku Domasi.

Panopa mukafika ku Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965, mupeza utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zitaphimba chigwa chonse, phiri la Mulanje osaoneka, Chilwa ikungoti mbuu. Ojambula zakutali amabwerera atakhumudwa. Inu yang'anani pansi. Pa lupsa, pamene moto wadutsa masabata awiri kapena atatu apitawo, pamatuluka msipu wanthete ndi timaluwa tomera pafupi ndi dothi, ndipo phulusa lakuda kumbuyo kwake limachititsa mtundu wa duwa kuwala mochititsa kaso. M'munsi mwa phiri mitengo ya mombo ndi tsamba ikuphuka masamba ofiira ndi apinki. Tsamba lanthete lotere muliike pakati pa inu ndi dzuwa, mitsempha yake yonse ioneka ngati mitsinje pa mapu. Okutobala akalowa nyenje ziyamba kulira, ndipo pa makungwa a mitengo mudzapeza zikhungwa zimene zafundula, zitang'ambika pamsana, miyendo ikadagwirabe mtengo. Chikhungwa sichithawa. Palibe chophunzirira chabwino kuposa chimenechi.

Chizimalupsa chikagwa, kenako mvula yeniyeni ya Novembala ndi Disembala, zinthu zimachuluka moti sudziwa choyambira. Ngumbi zimatuluka madzulo, m'mawa mwake mapiko ake ali mbwee pansi pa getsi, madontho a madzi atakhala pamwamba pake. Abongololo, nkhono, achule ang'onoang'ono ngati chikhadabo, ndi kachilombo kofiira kofewa ngati veleveti kamene kamangooneka masiku ochepa mvula yoyamba ikagwa. Ndiye bowa. Apa mphunzitsi wanu si intaneti ayi, ndi amayi amene amagulitsa bowa m'mbale mumsika wa Zomba ndi m'mbali mwa msewu. Iwo amadziwa chulu chimene chimabala, tsiku lachingati mvula itagwa, ndi mtengo umene ndelema amamera pansi pake. Ine ndinapempha mayi wina kuti ndiwatsatire m'mbandakucha, ndinawagula bowa wawo wonse wa tsikulo, ndipo zimene anandionetsa m'maola awiri sindikanazipeza ndekha dzinja lonse. Bowa mumujambule kuchokera pansi, foni itagona pa dothi, kuti timizere ta kunsi kwa chipewa chake tioneke. Koma musadye bowa amene mwazula nokha chifukwa choti wafanana ndi wa pa chithunzi. Chaka ndi chaka timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa wakupha.

Tsopano za foni yanu. Ingathe. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi macro yogwira pa masentimita 3 kapena 4 kuchokera pa chinthu, ndipo ngati yanu ilibe, kalenzi kopanira pa foni kamathandiza ndithu. Chovuta sichili pa foni koma pa chilengedwe cha lenzi iliyonse: mukamayandikira, gawo looneka bwino limachepa. Pa kamera yaikulu, mukafika pamene amati 1:1, kutanthauza kuti kachilombo ka sentimita 1 kakutenganso sentimita 1 pa sensa (kachipangizo ka mkati mwa kamera kamene chithunzi chimagwerapo), gawo limenelo ndi pafupifupi milimita 1 basi ngakhale mutaika f/8, ndiko kuti mutachepetsako kabowo kolowera kuwala mu lenzi. Mukapuma mwamphamvu, diso la chiwala lachoka kale mu fokasi. Ndiye chitani izi: ikani fokasi pamalo amodzi, zigongono zitsamire pa mawondo kapena pansi, kenako muzisuntha thupi lanu pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mpaka diso la kachilombo litaoneka lakuthwa, mujambule zingapo motsatizana. Pa zithunzi 30 mukapezapo ziwiri zabwino, tsikulo mwagwira ntchito. Diso likakhala lakuthwa, munthu amakhululukira zina zonse. Mukafuna kuti thupi lonse lioneke, khalani cham'mbali mwa kachilomboko, osati kumaso kwake. Zumu yokoka ndi zala ija isiyeni, imangotambasula chithunzi n'kuchiwononga.

Kuwala n'kofunika kuposa lenzi. Dzuwa la masana ku Zomba kuno limawalitsa msana wa kachilombo mpaka mtundu wake kutayika, mithunzi nayo imada bii. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa likatuluka, cha m'ma 5 koloko mu Novembala ndi Disembala, cha m'ma 6 mu Juni ndi Julayi, kapena tsiku la mitambo. Mukakakamizika kujambula masana, chitirani kachilomboko mthunzi ndi thupi lanu kapena ambulera yoyera. Fulashi yosaphimba imaipitsa chithunzi. Ine ndinadula chigubu choyera cha pulasitiki, n'kuikamo pepala lofewa, n'kuchimangirira kutsogolo kwa fulashi ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo mpaka lero ndi chimene ndimagwiritsa ntchito. Pepala loyera la m'kope loikidwa mbali ya mthunzi limabwezeranso kuwala bwino lomwe.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndiye nthawi yokweradi pamwamba, chifukwa m'maudzu a kuphiri mumachita maluwa a orchid omera pansi, a mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Dziko lathu lili ndi mitundu pafupifupi 400 ya ma orchid, ambiri mwa ife timangowaponda osadziwa. Pano ndikupempheni chinthu chimodzi mochokera pansi pa mtima: mukapeza malo amene amera ambiri, chithunzi muike, koma malo enieniwo musalembe pa Facebook. Mizu ya ena mwa maluwawa ndi imene amakumba kupangira chikande, ndipo ikakumbidwa duwalo latha. Nyamukani m'mawa, pakuti mvula ya pamwamba imakonda kubwera masana, ndipo mabingu akayamba tsikani pa zitunda. Ku Williams Falls ndi ku Mandala Falls tembenuzani masamba a fern muone timadontho tofiirira tondandalikana kunsi kwake, koma nthunzi ya mathithi imanyowetsa lenzi, choncho kansalu kofewa kasachoke m'thumba.

Chinyezi chimenechi chinandiphera lenzi yanga yoyamba. Ndinkaisiya m'chikwama chonyowa, m'kabati yamdima, ndipo pofika Malichi mkati mwa galasi munali mutamera nkhungu ngati ulusi wa kangaude. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinaisungira ndalama nthawi yaitali. Masiku ano ndikangofika pakhomo ndimatulutsa zonse m'chikwama, ziume, kenako ndimaziika m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timapezeka m'makatoni a nsapato. Timapaketito tikakhuta chinyezi ndimatiumitsa pa moto wochepa.

Masika ndi osavuta. Deliya amachita maluwa achikasu m'mbali mwa misewu, njuchi ndi agulugufe zimadzazana pamenepo, ziwala zakula, chiswamphika wabisala pa duwa kudikira nyama. Ngakhale chisoso cha kuseri kwa nyumba chimakhala ndi alendo tsiku lonse. Chenjerani ndi chitedze. Ubweya wake wagolide umakongola zedi pa chithunzi dzuwa likauwalira kumbuyo, koma imani mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo musagwedeze nthambi.

Miyezi imene ine ndimaikonda kuposa yonse ndi Juni ndi Julayi, imene ambiri amaiona ngati yopanda kanthu. Tizilombo tilibe kutentha kwa m'thupi mwawo ngati ife, timadalira dzuwa. Usiku ukazizira kwambiri, ngati mmene kumachitira ku Chawe ndi kuzungulira damu la Mulunguzi, gulugufe amene masana sakulolani kufika pa mita imodzi mumamupeza atagwira udzu, mapiko atapinda, thupi lonse lili ndi mame, ndipo mutha kumuyandikira mpaka kuona timamba ta pa phiko lake. Muli ndi mphindi mwina 30 kapena 40 dzuwa lisanamuthe mphepo. Ukonde wa kangaude umene masana suoneka n'komwe, m'mawa wotere umakhala utavala mikanda. Yandikirani dontho limodzi la mame, mudzaona duwa la kumbuyo kwake lili mkati mwa donthomo chadodolido, chifukwa dontho limagwira ntchito ngati lenzi. Chithunzi chimenechi chimafuna kuleza mtima, mawondo amanyowa, zala zimauma, koma ndi chimene anthu amandifunsa kawirikawiri kuti ndinachijambula dziko liti. Chiperoni akabwera, anzanu akamafunda mabulangete, inu tulukani. Nkhungu imafewetsa kuwala kuposa chigubu changa chija, ndipo ndere zolendewera pa nthambi zimadontha madzi. Mdani wa nyengoyi ndi mphepo, makamaka kuzitunda ngati ku Chingwe's Hole. Tsinde la duwa muligwire ndi dzanja lamanzere, lenzi itsamire pa dzanja lomwelo, kuti zikamagwedezeka zizigwedezekera pamodzi. Batire nalo limatha msanga kukazizira, liikeni m'thumba la mkati mwa jekete.

Mukafuna atombolombo ambiri pitani ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, madzi akayamba kuphwa. Musalowe m'madzi opanda nsapato za mphira, kuli likodzo.

Za kamera, musafulumire. Mukadzaona kuti foni yayamba kukupanikizani, kamera yakale yogwiritsidwapo kale ntchito pamodzi ndi lenzi yake ya 18-55 ndi yokwanira. Onjezerani ma extension tube, timapaipi topanda galasi toikidwa pakati pa kamera ndi lenzi, kapena mphete yotembenuzira lenzi kuti kumbuyo kukhale kutsogolo. Zonsezi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi lenzi ya macro ya 100mm. Poyambira ikani f/8 kapena f/11, liwiro lojambulira 1/200 ya sekondi, ISO (mmene sensa imamvera kuwala) 200, fulashi yophimba, kenako muzisintha malinga ndi zimene mukuona. Pogula lenzi yakale, iunikireni ndi tochi ya foni mkati, mukaona ulusi woyera uja isiyeni.

Pali ena amagwira kachilombo n'kukaika mufiriji kapena kukapopera mankhwala kuti kakhale phee. Chonde musatengere. Chithunzi chotero chimadziwika, miyendo imakhala itapindika mosakhala bwino, ndipo mwapha chinthu chimene munati mukuchikonda. Mwala mukautembenuza, ubwezereni mmene unalili, ndipo muziutembenuza ndi ndodo chifukwa pansi pake pamakhala zinkhanira. Musanagwade yang'anani pansi kawiri. Mphiri sithawa munthu, imangokhala duu m'masamba ouma, ndipo linthumbu mumalizindikira litafika kale m'chiuno. Njira za m'nkhalango za pamwamba musayende nokha, tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo amene amapezeka pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, ndipo muwauze kuti mukufuna kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa iwo anazolowera alendo othamangira kukaona mathithi.

Loweruka lino ndikhala pa geti la Botanical Gardens 6 koloko m'mawa. Ngati mungathe bwerani ndi foni yanu, pepala loyera limodzi ndi chitenje chakale chogwadira. Zithunzi zimene mujambule mudzanditumizire pa WhatsApp ngati document, chifukwa mukatumiza mwachizolowezi zimafinyidwa, ndipo sinditha kuona ngati diso lija linalowa mu fokasi.