Akutichotsa pamsika wa m'mbali mwa msewu: kodi zaka 14 sizingatiteteze?

Amayi, uthenga wanu ndauwerenga. Mwati mwakhala mukugulitsa matimati, anyezi ndi kapenta pa kamsika ka m'mbali mwa msewu kwa zaka 14, ndipo sabata yatha munadzuka n'kupeza tuntemba tonse atatilemba mtanda wofiira. Akhonsolo akuti akufuna kukuza msewu ndi kukumba ngalande, inu mupite kumsika watsopano kumene makasitomala safika. Mukufunsa ngati ali ndi mphamvu yokuchotsani, komanso ngati adzakulipirani.

Ndiyambe ndi chowawa, kuti musataye ndalama pa mlandu woti simungapambane. Kukhalitsa pamalo sikukusandutsani mwini malo. Lamulo la Markets and Bus Stations Act la 2007 linaika misika m'manja mwa makhonsolo, ndipo malo osiyidwa m'mphepete mwa msewu ndi a msewuwo. Akafuna kumanga, khoti silingawauze kuti ngalande ikhote chifukwa pali thebulo lanu. Chiyambire 2017 pomwe Chipata inakwezedwa kukhala mzinda, ndalandira mafunso otere ambiri ochokera kuno ndi maboma oyandikana nawo, ndipo yankho la mbali imeneyi silisintha.

Koma kuchotsa munthu kuli ndi njira yake, ndipo mphamvu yanu ili pamenepo. Choyamba dziwani kuti pamsika wanuwo simuli ofanana pamaso pa lamulo, ngakhale mumawotchedwa ndi dzuwa limodzi.

Alipo amene amayala thumba pansi, osalipira kanthu, osalembedwa paliponse. Awa lamulo limawaona ngati ogulitsa mumsewu, ndipo malamulo oletsa malonda a mumsewu anawakhwimitsa mu 2018, kolera itavuta ku Lusaka. Iwo alibe pogwira. Alipo ena amene ali ndi shopu ya njerwa ndi pangano lolembedwa la lendi. Awa ali pabwino: lamulo la Landlord and Tenant (Business Premises) Act limafuna kuti mwini nyumba ya bizinesi apereke notisi yolembedwa yosachepera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wochita lendi akhoza kukatsutsa kukhoti. Inu muli pakati. Mumalipira msonkho wa pamsika tsiku ndi tsiku, khonsolo imalandira, koma pangano la lendi mulibe. Muli ndi chilolezo chogulitsira, chimene akhoza kuchithetsa, koma osati mwachiwembu.

Ndiye funso langa kwa inu: timalisiti tija timene wotolera msonkho amang'amba m'buku m'mawa uliwonse, muli nato? Ndikudziwa kuti ambiri amakulungira chenji kapena kuyatsira mbaula. Mayi wina anabwera ku ofesi kwanga ndi chitini cha mkaka chodzaza timapepala totere, tina titadyedwa ndi mafuta a kapenta, koma chidindo cha khonsolo chikuonekabe. Chitini chimenecho chinamuthandiza kuposa mboni khumi, chifukwa chinasonyeza kuti khonsolo inkamudziwa ndipo inkadya ndalama zake. Ngati munkalipira kwa anyamata ongodzitcha akomiti popanda lisiti, ndalamazo zinapita ndi mphepo, sizingakuikireni umboni.

Mawa lomwe pitani kwa market master, woyang'anira msika, mukaone ngati dzina lanu lili m'kaundula wa amalonda. Pogawa malo kumsika watsopano, kaundula ameneyu ndiye amagwira ntchito, ndipo apa m'pamene eni ake enieni amagwa. Msika ukamangidwa wa simenti ndi malata, mumangoona anthu amene sanagulitsepo ngakhale phwetekere mmodzi atenga mashopu apatsogolo, n'kuyamba kukubwereketsani inu. Jambulani tsamba lomwe pali dzina lanu pa foni. Jambulaninso kantemba kanu, mtanda wofiirawo ukuoneka, katundu ali momwemo.

Kenako lembani kalata kwa mlembi wamkulu wa khonsolo, osati nokha koma monga gulu, aliyense asaine ndi nambala ya chiphaso chake. Mufunse zinthu zomveka: chigamulo chokusamutsani chinapangidwa liti ndi ndani, tsiku losamuka ndi liti, malo atsopano agawidwa motani, ndipo kumeneko madzi ndi zimbudzi zilipo kodi. Pangani makope awiri, imodzi akudindireni mubwerere nayo. Ina mupatse khansala wa wodi yanu. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo pokonza mapulani a tauni, choncho muli ndi ufulu wofunsa kuti msonkhano umenewo unachitika liti, nanga amalonda anaitanidwa kapena ayi. Ngati pamsonkhano wina akuluakulu analonjeza kuti akale mudzayamba ndinu kupatsidwa malo, pezani zolembedwa za msonkhanowo. Makhoti amalilemekeza lonjezo lotere ngati linanenedwa momveka ndi munthu waudindo.

Akapanda kuyankha, kapena akayankha mokankha, njira ndi ya ku Khoti Lalikulu, lomwe lili konkuno ku Chipata, kudzera mu judicial review. Kumeneko woweruza saona ngati msewu watsopano ndi wabwino kapena woipa. Amaona ngati khonsolo inali ndi mphamvu, ngati inatsata ndondomeko, ngati inakumvani musanagamulidwe. Akhoza kulamula kuti ayambe aima kaye mpaka mlandu umvedwe. Chenjerani ndi nthawi: pempho limayenera kulowa mwachangu, isanathe miyezi itatu chichitikire chigamulo. Magulu ambiri amataya miyezi imeneyi akudikira bwana wina amene anati "tidzaona". Ndinene mosabisa kuti ngakhale mutapambana, nthawi zambiri khoti limangouza khonsolo kuti ibwereze mwadongosolo. Chimene mumapindula ndi nthawi ndi mpando pokambirana. Za ndalama za loya, ofesi ya Legal Aid Board imathandiza osowa, ndipo dandaulo la kugawa malo mokondera mungalitengerenso kwa Public Protector, amene amafufuza madandaulo okhudza maofesi a boma, popanda kulipira.

Za chipukuta misozi musayembekezere zambiri. Gawo 16 la Malamulo Aakulu a dziko limateteza katundu wa munthu, koma malowo si anu, ndipo makasitomala otayika khonsolo silipira. Anu ndi malata, matabwa, sikelo ndi katundu wogulitsa. Akagwetsa usiku popanda notisi n'kuwononga zimenezi, pamenepo mungasumire mtengo wake, bola muli ndi zithunzi ndi mitengo yolembedwa. Tsiku losamuka likadziwika, zulani nokha malata anu asanabwere ndi chigalimoto.

Akakulandani katundu, musalimbane nawo. Kumenya wapolisi wa khonsolo ndi mlandu wina umene ungakugonetseni m'chitokosi. Funsani dzina lake, funsani kuti katunduyo alembedwe mulipo, ndipo faindi iliyonse mukalipire ku ofesi, akupatseni lisiti. Matimati sadikira khoti, choncho zotha kuwola kazitsateni tsiku lomwelo.

Mukamabwera kudzaonana ndi loya, tengani malisiti onse, kope ya kalata yodindidwa ija, ndi mayina a anzanu amene ali okonzeka kusaina.