Mukufuna kupanga chipangizo cholondera dilipi ya mwana? Yambani ndi sikelo

Kalata yomwe tikuyankha lero yachokera ku Ngabu, kwa mnyamata wodziwa zamagetsi amene amakonza mafoni ndi masola. Funso lake mwachidule ndi ili: "Nthawi ya kolera ndinkaona namwino mmodzi akuyang'anira madilipi ambirimbiri, wotchi ili m'manja. Ndikufuna kupanga kachipangizo kowerenga madontho n'kutseka dilipi madzi akakwana. Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo, ndili nayo. Kodi n'zotheka, nanga ndiyambire pati?"

N'zotheka ndithu achimwene, ndipo vuto mwalionalo ndi lenileni. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuno kuchigwa inatipeza tili kale m'madzi osefukira a anamondwe Ana ndi Gombe, kenako Freddy n'kudzawonjezera. Koma tikupotozani pa zinthu ziwiri. Musayambe ndi kuwerenga madontho, yambani ndi kuyeza kulemera kwa thumba. Ndipo chipangizo chanu choyamba chisatseke kanthu, chizingoonetsa nambala ndi kulira.

Tiyambe ndi masamu amene namwino uja amachita ndi wotchi yake. Pa paketi ya giving set, paipi yochoka pa thumba la dilipi kupita kwa wodwala, amalembapo kuti madontho angati amakwana mililita imodzi: kawirikawiri 20, ndipo ya ana ndi 60. Mwana amene watheratu madzi m'thupi amalandira madzi a dilipi otchedwa Ringer's lactate motsatira ndondomeko ya Plan C ya bungwe la zaumoyo la WHO, mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ngati wakwanitsa chaka, 30 pa kilogalamu amalowa m'mphindi 30 zoyamba, 70 otsalawo m'maola awiri ndi theka. Wosakwana chaka amamuyendetsa pang'onopang'ono: ola limodzi, kenako maola asanu. Tengani mwana wa makilogalamu 10 wa chaka ndi miyezi. Gawo loyamba ndi mamililita 300 m'mphindi 30, kutanthauza madontho 200 pa mphindi pa seti ya 20, oposa atatu pa sekondi iliyonse. Pa seti ya 60 akhala 600 pa mphindi, ndipo pamenepo sakhalanso madontho, ndi kamtsinje. Sensa yanu iwerenga chiyani? Nthawi yomwe mwana ali pakati pa moyo ndi imfa ndi yomwe chowerenga madontho chimasokonezeka kwambiri.

Palinso zina. Dontho silikhala lofanana nthawi zonse. Muyezo wa ISO 8536-4 umalola kuti madontho 20 aja apereke pakati pa 0.9 ndi 1.1 ya mililita, ndipo zimenezo amayezera m'chipinda chozizira bwino, ndi madzi oyera, pa liwiro la madontho pafupifupi 50 pa mphindi. Liwiro likasintha kapena mankhwala akasintha, donthonso limasintha kukula. Sensa ya infrared nayo ili ndi adani ake: dzuwa lolowera pa zenera kapena kubowola tenti limaichititsa khungu, timadzi tothovukira m'mbali mwa kabotolo kodonthera timaoneka ngati madontho, ndipo kabotoloko kakapendekeka dontho limadutsa pambali osaoneka. Zipangizo zotere zilipo kale pa msika, monga DripAssist yoyendera batire limodzi la AA, ndipo zimathandiza pa dilipi yoyenda pang'onopang'ono. Inu kolera ndi imene yakutumani, choncho yang'anani kwina.

Sikelo siinama pa zimenezi. Mililita imodzi ya Ringer's kapena saline imalemera pafupifupi galamu imodzi, ndiye thumba likapepuka ndi magalamu 300, mwana walandira 300, kaya anadontha kaya anayenda ngati mtsinje. Dextrose (madzi a shuga) ya 10% ndi yolemererapo pang'ono, pafupifupi magalamu atatu kapena anayi pa 100 aliwonse, ndipo izo mukhoza kuzikonza mu pulogalamu. Ubwino wina waukulu n'ngwakuti chipangizo chanu sichikhudza madzi olowa mu mtsempha. Lamulo limeneli musaliphwanye: chilichonse chomwe mungapange chikhale kunja kwa thumba ndi kunja kwa paipi. Mukangodula paipi n'kulowetsapo kavavu kanu, mwatsegulira tizilombo ndi mpweya njira yopita m'magazi a mwana.

Zofunika sizambiri. Load cell, kachitsulo koyeza kulemera ka m'sikelo zamagetsi, ya makilogalamu 2 kapena 3, poti thumba la lita limodzi limapitirira pang'ono kilogalamu. Kabodi ka HX711 kokuza mphamvu yochokera ku load cell, komwe kamawerenga ka 10 pa sekondi. Arduino muli nayo kale, kasikirini, mabatani atatu, kabelu kolira mokweza, batire la 18650 ndi kabodi kotchajira ka TP4056, kamene kali ndi chitetezo. Mbali imodzi ya load cell muimange zolimba pa chitsulo chopachikapo dilipi, mbali inayo muikepo ngowe yokolekapo thumba. Zonse pamodzi zimadya pafupifupi mamiliampu 50, ndiye batire lenileni la 2500 mAh likupirira usiku ndi usana wathunthu magetsi atathima. Chenjerani ndi mabatire a pa msika olembedwa 9900 mAh. 18650 yeniyeni siipitirira kwenikweni 3500.

Mavuto ake ayamba mukangokoleka thumba. Mwana akagwedeza mkono, paipi imakoka thumba ndipo sikelo imaona ngati madzi awonjezeka. Mankhwala ake ndi kumangirira paipi pa chitsulo, mmunsi mwa kabotolo kodonthera, n'kusiya kakhota kolendewera pakati, kuti kukoka konse kuthere pa chitsulo. Mphepo ikagwedeza thumba manambala amavina, choncho mu pulogalamu muzitenga nambala yapakati pa zowerenga 30 kapena 50, osakhulupirira imodzi. Liwiro muziliwerengera poona mmene thumba lapepukira m'mphindi ziwiri kapena zisanu. Mukafulumira muwerengera phokoso. Thumba likasinthidwa, kulemera kumalumpha mwadzidzidzi, ndipo chipangizo chiyenera kufunsa namwino ngati ndi thumba latsopano, chisangoganiza chokha. Poyika muyezo, thirani madzi odziwika ndi sirinji ya mamililita 50 kapena 60, muone ngati 100, 250 ndi 500 akugwirizana ndi zomwe kasikirini kakunena.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene ambiri opanga zinthu ali ku Blantyre kapena kunja amaiwala. Ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula, October ndi November amapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata kapena mu tenti kumaposa apo. Madzi akatentha amapepuka kayendedwe: kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 40, kukakamira kwake kumatsika ndi gawo limodzi mwa atatu, ndiye dilipi yomwe namwino anaichuna kukuzizira ikhoza kuthamanga kwambiri masana popanda woikhudza. Kagudumu kofinyira paipi kalinso ndi khalidwe lake. Paipi ndi ya PVC, ndipo ikafinyidwa imapitiriza kusintha maonekedwe pang'onopang'ono, makamaka mu ola loyamba, mwakuti liwiro limasuntha lokha. Kusintha kochepa kumabala zambiri: mpata wozungulira ukachepa ndi gawo limodzi mwa 10, madzi odutsa amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Onjezanipo kutalika kwa thumba. Likakhala mita imodzi pamwamba pa mkono, mwana n'kunyamulidwa ndi mayi ake kukwera masentimita 30, mphamvu yokankha madzi yatsika ndi pafupifupi 30 pa 100. N'chifukwa chake namwino sangachune kamodzi n'kuchoka, ndipo n'chifukwa chake mlonda wanuyo akufunika.

Kutenthako sikusiya chipangizo chanu. Load cell imasuntha ziro wake kukatentha, choncho ikolekeni mwala wa kulemera kodziwika kuyambira m'mawa mpaka usiku, mulembe mmene nambala ikuyendera yokha. Ngati kusunthako kukuposa magalamu ochepa, ikani sensa ya kutentha pafupi n'kukonza mu pulogalamu. Bokosi musapange ndi pulasitiki ya PLA, imafewa ikafika madigiri 55 mpaka 60. PETG kapena ABS ndiye yolimba. Batire la lithiamu musalitchaje pa dzuwa kapena pamalo opitirira madigiri 45. Kumbukiraninso kuti kumalo ochizira kolera mabedi ndi pansi amatsuka ndi klorini ya 0.2%, ndipo klorini imadya aluminiyamu ya load cell ndi mawaya. Zonse zikhale m'bokosi lotsekeka, ngowe yokha ndiyo ituluke.

Nanga bwanji takukanizani kutseka paipi? Chifukwa zolakwa zake n'zoopsa mbali zonse. Madzi akachuluka amadzaza mapapo, mwana amabanika, maso amatupa, ndipo mwana wonyentchera mtima wake umalephera msanga. Koma wa kolera dilipi ikatsekedwa molakwika, amafa ndi kuuma thupi, ndipo kanula, kapaipi kolowa mu mtsempha, ikaima nthawi yaitali imatsekeka ndi magazi oundana, pomwe kupeza mtsempha wina pa mwana wouma ndi ntchito yaikulu. Chotseka chimafuna mayankho a mafunso ovuta: batire likatha chili chotseka, chidzatani? Waya ukathothoka? Pulogalamu ikaima? Chipangizo chongolira chikalakwitsa, namwino akadali mwini chisankho. Chizilira pa zinthu zinayi: mlingo wakwana, madzi aima, liwiro lapatuka kwambiri, batire latsala pang'ono. Kaliridwe kake kasiyane, ndipo kasamalire pachabe, poti alamu yonama anthu amaizimitsa tsiku lomwelo.

Kutseka kudzabwera pambuyo, ndipo ena anayesapo. Mu 2012 ophunzira a ku Rice University ku America anapanga IV DRIP, yopanda magetsi n'komwe: thumba likapepuka kufika pa mlingo, mtanda wa sikelo umapendekeka n'kufwamphula msampha wa makoswe womwe umapinda paipi. Ku Uganda, Philippa Makobore ndi anzake a ku Uganda Industrial Research Institute anapanga ECGF, yomwe imawerenga madontho n'kumafinya paipi yokha. Werengani za zonsezi musanagule kanthu. Dziwaninso mnzanu wopikisana naye, burette, kabotolo ka mamililita 100 kapena 150 komwe namwino amathiramo mlingo wokhawo wofunika. Chanu chiyenera kuchita zomwe burette siichita, monga kuitana munthu.

Kuyesa kuchitike pa tebulo, osati pa munthu, ngakhale m'bale wanu, ngakhale inu eni. Kolekani thumba mita imodzi pamwamba, kumapeto kwa paipi ikani kanula yachikasu ya 24G kapena yabuluu ya 22G, zomwe ana amaikidwa, madzi azigwera m'kapu yokhala pa sikelo ina yowerenga mpaka 0.1 ya galamu. Vundikirani kapuyo, kutentha kwa kuno kumaumitsa madzi n'kukunamizani. Yesani pa mamililita 20, 100, 300 ndi 600 pa ola, mukulemba mphindi zisanu zilizonse, m'mawa komanso masana dzuwa lili paliwombo. Kenako chizunzeni dala: kokani paipi, ipindeni, yatsani fani, zulani batire madzi ali mkati moyenda. Zolephera zonse zilowe m'kope pamodzi ndi tsiku ndi kutentha kwake.

Kope limenelo ndi lomwe mupite nalo kwa akatswiri. Ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo zachipatala, ndipo ali ndi zipinda zopangiramo zinthu zoyesera. Pumani, makina othandiza makanda kupuma omwe anayamba ndi mapampu a m'thanki ya nsomba ndi botolo la madzi, anayesedwa ku Queens mwa mgwirizano wa mainjiniya, madokotala ndi anamwino, ndipo njira yanu ndi yomweyo. Chipangizo chisanafike pa bedi la wodwala pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, NHSRC kapena ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo a boma la Chikwawa kapena Nsanje, ndipo za kulembetsa ndi kugulitsa mukafunse ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Ngati mukulingalira za patenti, kudzera ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti kapena ku ARIPO, bungwe la mapatenti la maiko a mu Africa lomwe lili ku Harare, musaike zithunzi za mkati mwake pa Facebook musanalembetse, chifukwa chinthu chikaonekera poyera sichiwerengedwanso chatsopano.

Sabata ino, musanawotcherere waya ndi mmodzi yemwe, pemphani anamwino awiri kapena atatu akuonetseni giving set ndi mathumba omwe amalandira, muyeze ngowe ndi zitsulo zopachikapo, ndipo muwafunse ngati pa kasikirini akufuna kuona mamililita olowa, otsala, kapena madontho pa mphindi amene anawazolowera.