Mafunso a Owerenga: Kodi Pafunika Malo Aakulu Bwanji Kuti Munthu Asunge Nyama Zakutchire Zosaka?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndangopuma kumene pantchito. Ndili ndi malo okwana maekala 30 cha ku Kunthembwe amene anandisiyira malemu atsibweni anga. Mbali ina tinkalimako chimanga koma nthaka inaguga, ndipo mbali inayo ndi tchire lokhala ndi kamtsinje kamene kamaphwa mu Seputembala. Mwana wanga anandionetsa pa intaneti kuti ku America anthu okhala ndi maekala 40 okha amasunga agwape n'kumasaka chaka chilichonse. Kodi ndingatchinge malo angawa ndi waya, n'kuikamo nswala ndi mbawala, kuti alendo azilipira pobwera kudzasaka? Ngati malowa achepa, pafunika aakulu bwanji? (Bambo wa ku Chilomoni)

YANKHO: Bambo, maganizo anuwa ndi abwino, ndipo ndikulakalaka anthu ambiri okhala ndi malo oguga akanamaganiza zowabwezera ku tchire. Komabe ndikuuzeni mosapsatira kuti maekala 30 angasunge nyama zochepa zoti anthu azidzaona, koma sangakhale malo osakirako.

Tiyambe ndi zimene mwana wanu anaona. Agwape a ku America aja, amene kwawoko amawatchula kuti white-tailed deer, kawirikawiri sakhala mumpanda. Amayenda momasuka kudutsa m'minda ndi m'nkhalango za anthu ambiri, ndipo gwape mmodzi amayendayenda m'dera lokwana pafupifupi mahekitala 260, pamene atonde amapitirira pamenepo nyengo yokwerana ikafika. Mwini maekala 40 sasunga agwapewo ayi. Iye amangobzala zakudya zimene amakonda, kusiya zitsamba zobisalamo ndi kuika madzi, kuti agwape a m'dera lonselo azidzera pamalo pake. Nyamazo zimadya ndi kuswana pa malo a anzake, iye n'kumangozidikirira. Kuno ku Blantyre zinthu sizili choncho, chifukwa kunja kwa malire anu kuli midzi, minda, agalu ndi makhwekhwe, ndipo kulibe gulu la nyama limene lingabwere lokha. Nyama zanu mudzazigula, mudzazitsekera mumpanda, ndipo chilichonse chimene zidzadye kuyambira Januwale mpaka Disembala chidzayenera kumera mkati mwa mpandawo.

N'chifukwa chake malo osungira nyama sitiwayeza ndi maekala okha. Timawayeza ndi chakudya chimene chimatsalapo mu Okutobala. Mukapita ku Kunthembwe mu Febuluwale mudzapeza tsekera lobisa munthu, masamba ali biriwiri paliponse, ndipo mudzaganiza kuti pangakhale nswala 50. Pitaninso mu Okutobala masana, muyende malowo kuchokera kumalire ena kukafika kumalire ena. Mudzapeza udzu utauma n'kusanduka mapesi opanda chakudya, mitengo yambiri itayoyola masamba, kamtsinje kaja kali mchenga wokhawokha, ndipo mwina mbali ina osaka mbewa atatentha kale. Chimene mudzaone tsiku limenelo ndicho chiwerengero chenicheni cha nyama zimene malowo angasunge.

Nyama yobzikula imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo 3 pa magawo 100 a kulemera kwa thupi lake tsiku lililonse. Nswala ya makilogalamu 50 imafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka patsiku, kutanthauza theka la tani pachaka. Alimi a nyama zakutchire a ku South Africa, amene agwira ntchitoyi kwa zaka zambiri, amayerekeza nyama zonse ndi ng'ombe imodzi ya makilogalamu 450, ndipo amati nswala pafupifupi 6 zimadya ngati ng'ombe imodziyo, pamene ngoma ziwiri zokha zimakwana kale muyeso womwewo. Maekala 30 anuwo ndi mahekitala 12. Tiyerekeze kuti tchire lanu likufuna mahekitala 8 pa ng'ombe imodzi chaka chonse popanda kuwonjezera chakudya, chimene si chachilendo pa tchire louma. Ndiye kuti malo onsewo akwanira ng'ombe imodzi ndi theka, kapena kuti nswala 9. Muyeso weniweni wa malo anu angakuuzeni ndi mlangizi wa ziweto atawayendera, koma sudzachoka pa 9 n'kufika pa 50.

Tsono taganizirani gulu la nswala 9. Nswala yaikazi imabereka mwana mmodzi pachaka, kumayambiriro kwa mvula, itatenga bere kwa miyezi 6 ndi theka. Pa nswala 9, zazikazi zoswa zingakhale 5, ndipo ana ena adzafa ndi matenda, nkhandwe kapena agalu olowa pansi pa waya. Mukhoza kuchotsapo nyama ziwiri kapena zitatu pachaka gululo osatha. Ndalama za nyama zitatu sizingalipire ngakhale mlonda mmodzi. Palinso vuto la chibale, chifukwa tonde mmodzi akamakwera ana ake omwe, pakapita mibadwo ingapo mumayamba kuona ana ofooka ndi osakula bwino, ndipo mumakakamizika kugula tonde wina kutali n'kulipira dokotala wa nyama ndi galimoto yomunyamula. Atonde awiri pa malo opanikizika chonchi amamenyana kwambiri cha mu Meyi, ndipo wogonja alibe kothawira koma kukadziwombetsa pa waya.

Mbawala ndi agwape a kwathu kuno ali ndi khalidwe lina. Sayenda m'magulu ngati nswala. Amakhala okha kapena awiriawiri, amadya kwambiri masamba, mphukira ndi zipatso, ndipo amafuna zitsamba zowirira, makamaka za m'mbali mwa mtsinje. Kwa iwo funso silikhala la udzu koma la mitengo imene ili pamalopo. Nsangu ndi mtengo wamtengo wapatali pa ntchitoyi, chifukwa umakhala ndi masamba m'chilimwe pamene ina yayoyola, ndipo nyemba zake zimagwa nthawi imene nyama zili pa njala. Mthethe, mkuyu ndi bwemba zimathandizanso. Nkhalango ya bulugamu, ngakhale ikhale ya mahekitala 100, kwa nyamazi ndi chipululu. Ngati kamtsinje kanu kadakali ndi mitengo yachilengedwe m'mbali mwake, musadulepo ngakhale umodzi, ndipo n'kutheka kuti agwape awiri kapena atatu alimo kale.

Nanga malo osakirako akhale aakulu bwanji? Tibwerere ku masamu aja kuchokera kumapeto. Kuti muzichotsa nswala 20 pachaka gulu osachepa, mufunika nswala pafupifupi 100, zimene pa muyeso tinayerekeza uja zikufuna mahekitala oposa 130. Mukawonjezera ngoma, mphoyo kapena mbidzi zochepa, n'kusiyanso malo opuma kuti msipu uzibwerera ndiponso oti mudzadalire chaka cha chilala, chiwerengerocho chimakwera msanga. Maganizo anga ndi akuti munthu asaganize zosakitsa alendo pa malo osakwana mahekitala 400, amene ndi pafupifupi maekala 1,000. Chifukwa china ndi chitetezo cha anthu. Chipolopolo cha mfuti yosakira chikaphonya chimatha kuuluka makilomita oposa 3, pamene malo anu a mahekitala 12, atakhala ofanana mbali zonse, ndi mamita 350 okha kuchokera mbali ina kufika ina. Kuseri kwa waya wanu kuli amayi otola nkhuni, ana oweta mbuzi ndi njira ya kuchigayo. Ndiponso nyama yotsekeredwa pa malo aang'ono ilibe mwayi wothawa, ndipo kuiwombera pamenepo ndi kupha chiweto m'khola. Mlenje weniweni salipira zimenezo.

Mpanda ndiwo umameza ndalama zambiri, ndipo umapweteka kwambiri mwini malo aang'ono. Nswala imatha kulumpha mamita pafupifupi 3, ndipo mpanda wa nyama zolumpha monga ngoma umayenera kutalika mamita 2.4, wokhala ndi waya wolukana m'munsi kuti agalu asalowe ndiponso njiri zisakumbe. Malo a mahekitala 12 amafuna mpanda wa makilomita 1.4. Malo a mahekitala 400, amene ndi aakulu kuposa anuwo maulendo 33, amafuna makilomita 8 okha, osakwana maulendo 6 a mpanda wa malo anuwo. Mpandawo umafuna kuuyendera tsiku ndi tsiku, chifukwa waya womwewo ukabedwa ndi umene umasanduka makhwekhwe okolera nyama zanu. Mufunikanso kulambula njira yotchinga moto mkati ndi kunja kwa mpanda chaka chilichonse udzu usanaume, ndiponso mjigo kapena damu lodalirika, pakuti nswala siikhala kutali ndi madzi m'chilimwe.

Musanagule ngakhale mtolo umodzi wa waya, pitani ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Lamulo loteteza nyamazi la 1992, limene linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017, limati nyama zakutchire zili m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a m'dziko muno. Choncho gwape amene ali pamunda panu si wanu chifukwa chongoti malowo ndi anu. Kusunga nyamazi, kuziweta, kuzisamutsa ndi kuzisaka, chilichonse chimafuna chilolezo chake, ndipo chikonzedwereni lamuloli mu 2017 zilango zake zinakula kwambiri. Mfuti nayonso imafuna chilolezo cha apolisi. Popeza malowo munasiyiridwa ndi atsibweni anu, khalaninso pansi ndi abale ndi amfumu, chifukwa mpanda umatseka njira, madzi ndi nkhuni zimene anthu akhala akudalira, ndipo anthu oyandikana nawo akakwiya palibe waya umene ungateteze nyama zanu. Ngakhale ku Majete, nkhalango ya mahekitala 70,000 imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2003, nyama zinabwerera osati chifukwa cha mpanda wokha, komanso chifukwa chogwira ntchito ndi midzi yozungulira.

Pa maekala 30 anuwo, ndikanakhala ine ndikanayamba ndi kuteteza mitengo, kuletsa moto, kubzala nsangu ndi kuika ming'oma ya njuchi, ndipo patapita zaka zingapo ndikanapempha chilolezo chosunga nswala zochepa zoti ana asukulu a mumzinda muno azidzaona. Mukapite ku Game Haven ku Bvumbwe, kumene alendo amapita kukaona nyama pa malo a munthu wamba, mukaone mpanda wake ndi kufunsa ogwira ntchito kuti nyama zimadya chiyani mu Okutobala.

FUNSO: Ine ndimaweta ng'ombe zamkaka cha ku Chigumula. Ng'ombe zanga sizituluka m'khola, ndimangozidulira nsenjere ndi kuzipatsa madeya. Kodi nyama zakutchire sizingasungidwe chimodzimodzi, kuti malo aang'ono akwanire nyama zambiri? (Mayi wa ku Chigumula)

YANKHO: Mayi, kuwonjezera chakudya n'kotheka ndipo osunga nyama ambiri amachita zimenezi m'miyezi yovuta, koma sikulowa m'malo mwa kukula kwa malo. Ng'ombe yanu inazolowera anthu kwa mibadwo yosawerengeka, mumaigwira, kuipopera mankhwala a nkhupakupa ndi kuimwetsa mankhwala a njoka zam'mimba. Nswala simungaigwire popanda ukonde kapena jakisoni wogonetsa, ndipo ikathamangitsidwa kwambiri imatha kufa ndi mantha ndi kutopa patapita maola kapena masiku ochepa. Nyama zikamaunjikana pa chodyera chimodzi, ndowe zimachuluka pamalo amodzi, ndipo njoka zam'mimba ndi nkhupakupa zimafalikira msanga, pamene inu mulibe njira yapafupi yozichizira.

Madeya ndi chimanga zimafunanso kusamala. Mimba ya nyama imene yakhala ikudya udzu wouma ndi masamba ikalandira chakudya chotere chambiri mwadzidzidzi, chimasasa m'chifu ndipo nyamayo imatha kufa, monga mudziwira kuti zimachitikira mbuzi ikaba chimanga m'nkhokwe. Mbawala ndi agwape sangakhalire nsenjere, chifukwa chakudya chawo chachikulu ndi masamba a mitengo ndi zitsamba. Ngati mukufuna kuthandiza nyama m'chilimwe, sungani udzu woumitsa umene munamweta usanakhwime, masangwi a mtedza ndi nyemba za nsangu, muzipereka pang'onopang'ono pa malo angapo otalikirana, ndipo muzisuntha zodyerazo. Koma ngati chaka chilichonse mukudyetsa nyama kuyambira Julayi mpaka mvula itagwa, ndiye kuti zachuluka kuposa malo anu, ndipo muyenera kupempha chilolezo chogulitsako zina msipu usanatheretu.