Kulowa nawo timu ya amwenye ku Leicester ngakhale simunasewerepo cricket

Achimwene mwafunsa ngati angakulandireni mu tonamenti ya amwenye ku Leicester, mzinda wa ku England, pomwe bat, thabwa lomenyera mpira wa cricket, simunaigwirepo. Pitani basi, matimu a m'madera ngati Belgrave nthawi zambiri amavutika kukwanitsa anthu 11 chifukwa ena amakhala ku shifiti, ndiye munthu wothamanga samukana. Koma yambani ndi tape ball, mpira wa tenesi wokulunga tepi yamagetsi, sumapweteka kwambiri ndipo magemu ake ndi afupi. Mpira weniweni wa cricket, wolimba uja, osayerekeza opanda helmet ndi ma pads otchinjiriza miyendo, umathyola zala. Poyamba akuikani fielding, ntchito yogwira ndi kubweza mpira womenyedwa, chakumalire a bwalo uko, musakhumudwe. Over imodzi ndi mipira 6 yomwe woponya mmodzi amaponya motsatizana, zina muphunzira mukusewera. Sizoni ku England imayamba Epulo mpaka Seputembala ndiye kafunseni msanga za ndalama yolowera.