Misa ilipo, koma Mlengi wawo ndi wina

Mayi wina wanditumizira imelo kuti mwana wake amene ali ku Los Angeles wayamba kupemphera ku mpingo wotchedwa Ecclesia Gnostica. Wamva kuti kuli mabishopu ndi Misa, ndiye akufunsa ngati ndi Chikatolika chomwechi chongosintha dzina.

Ayi, mayi. Mutalowamo mupezadi guwa, makandulo, ansembe ovala mikanjo, mkate ndi vinyo. Akazinso amadzozedwa unsembe, zomwe ku Roma sizichitika. Koma pamene asiyanirana kwenikweni ndi pa nkhani ya amene adalenga dziko.

Iwo amati Mulungu weniweni ndi wobisika, ali kutali ndi zonse zooneka. Dziko lamatenda, njala ndi imfali lidaumbidwa ndi wina wotsika, wosadziwa kuti pamwamba pake pali wamkulu. Amamutcha Demiurge, ndipo zolemba zakale zimamutchanso Yaldabaoth. Iyeyu akuti adachokera kwa Sophia, Nzeru yaumulungu yomwe amainena ngati mkazi, itasokera. Komabe mwa munthu mudatsala kanthethe ka kuwala kwa Mulungu weniweni uja, ngati khala lokwiririka m'phulusa.

Ndiye kwa iwo vuto lalikulu la munthu si tchimo la Adamu, koma kusadziwa kumene adachokera. Yesu amamulemekeza kwambiri, makamaka monga wodzadzutsa ogona. Chipulumutso ndi kuzindikira kwa mumtima, osati kungovomereza zimene wauzidwa.

Maganizowa ndi akale ndithu. Bishopu Irenaeus wa ku Lyon adawatsutsa cha m'chaka cha 180 Yesu atabadwa. Mu 1945 alimi a ku Nag Hammadi, ku Egypt, adafukula mtsuko wa mabuku a m'Chikoputiki, chilankhulo chakale cha kumeneko, momwe mudali Uthenga wa Thomas wokhala ndi mawu 114 onenedwa kuti ndi a Yesu. Mpingowu umawerenga zolemba zotere pa mapemphero. Koma mpingo weniweniwo ndi wa dzanadzanali. Udakula pansi pa Stephan Hoeller, wobadwira ku Budapest mu 1931, yemwe adadzozedwa ubishopu mu 1967, ndipo chiphunzitso chake chimatsamira kwambiri pa maganizo a Carl Jung, katswiri wa za maganizo a munthu wa ku Switzerland.

Kwa ine, yankho lawo pa za kuvutika kwa anthu osalakwa ndi lokopa, n'chifukwa chake sindikudabwa kuti mwana wanu wakopeka. Chondivuta n'chakuti Genesis amati Mulungu adaona zonse zimene adapanga kuti zidali zabwino, pomwe iwo akuti wopangayo adali wosadziwa. Mukamaimbirana foni, mufunseni modekha kuti akamati "Atate" akunena uti.