Voisi ya msuweni, za abale ake a Yesu zija

Eee asuweni. Meseji yako pa gulupu ndayiona, nde ndati ndisalembe, zala zangazi ukuzidziwa, ndingolankhula basi. Enanu amene mukumvera nawo mukhale phee, makamaka achemwali aja amene amayankha asanamve.

Wafunsa kuti, dikira ndiyiwerengenso... eya, akuti "kodi Yesu anali ndi azibale ake a bere limodzi kapena ayi, poti pa Marko 6 akuchita kutchula mayina." Ndi kankhope kolira kumapeto. 11 koloko usiku. Iweyo. Iwe amene unkagona pa korona tisanafike ndi pakati pomwe, agogo nkumakutsina pantchafu, lero wayamba kufufuza Marko usiku? Hmm. Vesi imeneyo sunaipeze wekha iwe, wina wake wakusonyeza, ndipo ndikumudziwa, wamtali uja wa tayi. Chabwino, sindimutchula.

Mayinawo alipodi, asakunamize munthu kuti mulibe. Marko 6 vesi 3, Yakobo, Yose, Yuda, Simoni, ndi alongo akenso koma iwowo sanawatchule mayina. Mateyu 13 chakumapeto kuja ndi zomwezo. Paulonso pa Agalatiya 1:19 akuti anaonana ndi Yakobo mbale wa Ambuye. Ngakhale Josephus, Myuda wolemba mbiri amene sanali mkhristu nkomwe, analemba za Yakobo mbale wa Yesu, kuti Yakoboyo anaponyedwa miyala cha m'ma 62. Nde liwu loti mbale liripo, pamenepo palibe mkangano. Komanso, ndisaiwale, zoti Maria anali namwali pobala Yesu, ku Katolika kwa agogo ndi ku mpingo wa wa tayi wakoyo onse amavomereza. Amakangana za pambuyo pake basi.

Koma ndisanapitirire, ukuwakumbuka malume nthawi ija atatuluka mu mpingo? Ayi, osati ulendo woyamba, ndikunena wachiwiri, itatha nkhani ya kwaya ija. Iwe unali wamng'ono, mwina unali usanayambe ndi sukulu. Anabwera kwa agogo ndi mabaibulo awiri, Buku Lopatulika ndi Malembo Oyera, onse atawalemba mizere ndi bolopeni yofiira, ena mwa masambawo mpaka kubooka. Magalasi aja omanga ndi waya mbali imodzi. Anakhala pakhonde kuyambira m'mawa, akuti lero amayi ndikutsegulani maso. Ine ndinali pomwepo, ndinali nditangobwerako kumene ku seminale kuja, aaa musaseke, nkhani imeneyo tinatseka.

Nde anatsegula Mateyu 1:25, pamene akunena kuti Yosefe sanamudziwe Maria kufikira atabala mwana. Amvekere, amayi mwamva? Kufikira! Chala chili pa liwulo, akugogoda. Kufikira ndiye kuti pambuyo pake zinasintha. Agogo kuwerenga sankadziwa, ukudziwa iwe, anangokhala duu akusoka kansalu kawo kaja, kenako osadzutsa ndi mutu womwe amvekere, "iwe, ndikamachoka nkunena kuti mutsale bwino kufikira ndibwere, ndiye kuti ndikabwera muyambe kudwala?" Heee! Malume anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Ine kuseka mpaka kutsamwa, anandithamangitsa pakhondepo.

Chimene chinandidabwitsa, yankho la agogo lija ndi lomwelo limene akuluakulu a mabuku anapereka kalekale, iwo amatenga 2 Samueli 6:23, Mikala mwana wa Sauli sanabale mwana kufikira tsiku la imfa yake, nde amafunsa kuti kodi anabala atamwalira? Agogo sanamvepo za Mikala koma anafika pomwepo ndi singano m'manja. Ngakhale, ndinene chilungamo, malume sanalakwitse kwambiri. Munthu ukangowerenga vesi ija wopanda wina wokuuza kanthu, maganizo oyamba amene amabwera ndi a malume omwewo. Kufikira nthawi zambiri amatanthauzadi kuti kenako zinasintha. Osati nthawi zonse, koma nthawi zambiri.

Sanagonje malume, ayi, munthu uja kugonja? Anapita pa Luka 2:7, mwana woyamba, akuti woyamba ndiye kuti panali wachiwiri. Pamenepo ndi ine ndinalowerera ndili kuseri kwa chitseko, ndinati malume kwa Ayuda mwana wotsegula mimba ankatchedwa woyamba tsiku lomwelo, Eksodo 13, sankadikira kuti aone ngati kubwere wina. Amvekere iwe wothawa sukulu ya ansembe ukhale chete. Ndinakhaladi chete.

Nde patapita zaka, eee mwina zisanu, mwina kuposa, nthawi imene anadwala ija. Ija ya magazi. Tili kuchipatala, anesi akuti alowe abale enieni okha, awiri basi, enanu panja. Amene anafika koyamba ndani? Si amayi anga, si amayi ako, onse anali kutali. Anali bambo aja, mwana wa agogo aakulu, amene sanalankhulane ndi malume zaka zingati chifukwa cha njinga ija. Anesi kufunsa malume kuti awa ndi ndani wanu, malume mawu ali pansipansi amvekere "achimwene anga." Anesi akuti bere limodzi? Malume, ine ndili pompo ndi beseni m'manja, anatsegula diso limodzi nkunena kuti "mukufuna bere kapena mukufuna magazi?" Ndipo magazi anaperekadi ndi bambo omwewo.

Atayamba kupeza bwino ndinawapita pafupi, ndinati malume, paja achimwene anu aja si a bere limodzi eti? Nanga Marko 6 ija? Anatembenukira kukhoma. Ndimaganiza kuti agona. Kenako ali chiyang'anire khoma amvekere, "zimenezo ndi za Chichewa, Marko analemba Chigiriki."

Ndipo iwe, pamenepo anandigwira. Anandigwiradi. Chifukwa ife m'chilankhulo chathu mwana wa amayi aang'ono kapena wa bambo aakulu ndi mbale basi, sitifunsa za bere, msuweni ndi iweyo mwana wa malume kapena wa azakhali. Chihebri nachonso chinalibe liwu lakelake la msuweni, nchifukwa chake pa Genesis 13:8 Abrahamu akumuuza Loti kuti ndife abale pomwe Loti anali mwana wa mbale wake. Koma Chigiriki chinali nalo liwulo. Mbale amati adelphos, msuweni amati anepsios, ndipo lili m'Baibulo momwemo, Akolose 4:10, Marko msuweni wa Barnaba. Nde funso la malume linali loti ngati anali asuweni bwanji sanangolemba asuweni? Enawo amayankha kuti olembawo anali Ayuda, ankalemba Chigiriki koma akuganiza m'chilankhulo cha kwawo, ngati mmene iwe umalembera Chingerezi cha Chichewa chija. Haha. Pepa. Koma ndi zoona.

Mkangano umenewu si wa malume ndi agogo ayi, ndi wakale zedi. Ku Rome kunali munthu wina dzina lake Helvidius, iyeyo ankanena za malume zomwezi, kuti Maria ndi Yosefe anabereka ana ena Yesu atabadwa. Jerome, yemwe uja anamasulira Baibulo m'Chilatini, anamuyankha cha m'ma 383, ndipo anamuyankha mokalipa, munthu uja pakamwa sankasunga. Iye ndi amene analimbikitsa zoti anali asuweni, ankaloza pa Marko 15:40 pamene pali Maria wina, amake a Yakobo wamng'ono ndi Yose, mayina omwe aja koma mayi wina. Akatolika ambiri mpaka lero amatsata za Jerome.

Koma pali njira yachitatu imene pa gulupu pano palibe amaitchula, ndipo ife a banja lino ndi amene tikanayenera kuimvetsa msanga. Kuti anali ana a Yosefe a mkazi woyamba. Yosefe anali wamasiye, wachikulire, anabwera nawo ana ake. Zimenezi zili m'kabuku kena ka m'zaka za m'ma 100, Protoevangelium ya Yakobo, sikali m'Baibulo koma nkakale kuposa Jerome, kenako bishopu wina wa ku Cyprus, Epiphanius, anazigwiritsitsa, ndipo a Orthodox amakhulupirira zimenezo mpaka pano. Nde taganiza za ana a kwina aja a agogo aamuna. Pa maliro paja anawatchula kuti chani? Abale. Palibe anaimirira kunena kuti ayi awa ndi a mayi wina. Chabwino, mmodzi anaimirira, koma tonse tikudziwa kuti anali atalawa.

Ukandifunsa ine, ineyo pandekha, za asuweni za Jerome zija ndimaziona zofooka pang'ono, zimafuna kulumikiza mavesi ambiri ngati ukusoka chigamba. Za ana a Yosefe zimandikhalira bwinoko. Za Helvidius ndi zimene zimabwera zokha ukamawerenga, sindingakane. Koma nazonso zili ndi pake popunthwa, Yohane 19, Yesu ali pamtanda akupereka amayi ake kwa wophunzira uja kuti awasunge. Ngati kunyumba kunali anyamata anayi obadwa mwa mayi yemweyo, ukawapereka bwanji amayi ako kwa munthu wapadera? Enawo amati poti abalewo nthawi imeneyo sankamukhulupirira, Yohane 7:5. Eya, koma kusakhulupirira mchimwene wako sikukuletsa kusunga amayi ako, ndipo pa Machitidwe 1:14 tikuwapeza ali limodzi ndi Maria akupemphera, patangopita masabata ochepa. Ukuona? Aliyense ali ndi vesi yake ndipo aliyense ali ndi vesi imene amaidumpha mwachangu.

Ndipo ichi ukamuuze wa tayi uja, mwaulemu, osati mmene umayankhulira ukakwiya. Si Akatolika okha, ngakhale akuluakulu akale a chipulotesitanti. Martin Luther ankakhulupirira kuti Maria anakhala namwali moyo wake wonse. Zwingli chimodzimodzi. John Wesley mu 1749 analemba kalata kwa Mkatolika nkuvomereza zomwezo. Calvin anati pa liwu la kufikira lija munthu asamangepo nyumba, aaa, sananene choncho ndendende, mawuwo ndi anga, koma ankakana kuti vesi ija ikutsimikiza za ana ena. Zoti mipingo yambiri ya chipulotesitanti imati anabereka ena zinafala pambuyo pake. Mbali inayo, ku Katolika si nkhani yoti usankhe wekha ayi, ndi chiphunzitso chokhazikika, msonkhano wa ku Constantinople wa 553 unkamutchula kale kuti namwali nthawi zonse. Nde usamuuzenso kuti kwathu aliyense amaganiza zake, ungamunamize.

Iii voisi yatalika. Mphindi zingati izi... chabwino.

Koma iwe sunafunse za Chigiriki. Ndikukudziwa ine, tinakulira mphasa imodzi. Iwe wakhala pa tebulo ndi anthu a kwa mnzakoyo, wina watsegula Marko, wawerenga mayina anayi aja mokweza, onse akukuyang'ana, ndipo mumtima mwako mwabwera agogo ndi korona yawo yoduka ija yomanga ndi ulusi wakuda. Nde ukufunsa kuti kodi mayi uja anandinamiza? Kapena iyeyo ndi amene ananamizidwa moyo wake wonse? Ayi. Agogo sanakunamize. Zimene ankakhulupirira anthu anazikhulupirira akuwerenga Marko 6 yemweyo, sikuti vesiyo inabisika zaka zonsezi nkudzaipeza wa tayi wako chaka chino. Jerome ankaidziwa bwino lomwe, m'Chigiriki.

Nayenso mnzakoyo sanakunamize, usakamutenge ngati mdani wa Amayi Maria, akuwerenga zimene zalembedwa ndipo kuwerenga kwakeko kuli ndi anthu ozama kumbuyo kwake. Kungoti liwu limodzi lija loti abale silingathe kugamula mlanduwu lokha, likanatha bwenzi utatha mu 383 muja.

Nde ndikubwereza poti ndikudziwa wamvera uku ukutsuka mbale. Agogo sanakupusitse, ndipo iwe sukuwapereka pofunsa. Ngati ukufuna kupita ku mpingo wa mnzakoyo pita pa zifukwa zako, tidzakambirana, amayi ako ndi amene adzavute osati ine. Koma usapite chifukwa choti wina wakuwerengera mayina anayi iwe nkusowa poyankha.

Malume mabaibulo aja alipo, ali mu sutikesi kwa achemwali, ukapita ukaone pa Mateyu 1 pali chibowo cha bolopeni. Ndipo pambali pake analembapo ndi pensulo, sindikudziwa liti, analemba kuti "mutsale bwino." Ndinaona ndekha chaka chatha tikusanja katundu.

Wamva eti? Mayi uja sanakunamize. Basi, batire yatsala 4, ndipo tchaja changa chija unatenga pa Khrisimasi ndikuchifunabe.