Bala la amuna anga silikupola: kodi ndi khansa?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 52 ndipo amuna anga ali ndi zaka 60. Chaka chatha anatuluka kachilonda kunsonga kwa chida chawo, mkati mwa khungu, koma anandibisira kufikira nditayamba kuona magazi ndi mafinya pa kabudula wawo wamkati pochapa. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawabaya jakisoni wa chindoko kawiri, kwa asing'anga anapitanso, koma bala likungokula, likununkha, ndipo tsopano m'phechepeche mwatupa mwanabere wolimba. Akukana kupita kuchipatala chachikulu chifukwa anamva kuti kumeneko amadula. Kodi imeneyi ndi khansa? Nanga ine ndingatengere? Mayi wodandaula, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, munthu sangatsimikize khansa kudzera m'kalata, koma zimene mwafotokozazi n'zokwanira kuti bambowo akaonedwe ndi dokotala wa maopaleshoni sabata ino, osadikira kutha kwa mwezi. Zilonda za chindoko kapena za mabomu zimayamba kuuma pakatha sabata imodzi kapena awiri munthu akalandira mankhwala oyenera. Bala lapamaliseche limene lapitirira masabata anayi osapola, makamaka kwa bambo wopitirira zaka 50, timaliona ngati khansa kufikira kuyeza kutatiuza zina.

Khansa imeneyi nthawi zambiri imayambira pa khungu la kumutu kwa chida kapena mkati mwa khungu lophimba mutuwo. Poyamba imaoneka ngati kanjerewere, kachilonda, kapena malo ofiira kapena oyera amene khungu lake lakhuthala, ndipo kawirikawiri sipweteka, chimene chimachititsa abambo ambiri kuinyalanyaza. Imakonda kugwira abambo osadulidwa amene khungu lawo ndi lothina moti silibwerera m'mbuyo, chifukwa litsiro limaunjikana mkatimo ndipo malowo amakhala otupa kwa zaka zambiri. Kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsanso khansa ya khomo la chiberekero, kamapezeka mwa odwala ambiri, ndipo kusuta fodya ndi kukhala ndi HIV kumawonjezera chiopsezo.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mwanabereyo. Khansa iyi ikafuna kufalikira imayamba yafika m'timisempha ta m'phechepeche, kenaka n'kulowa mkati mwa chiuno, ndipo pamapeto pake imafika ku mapapo, chiwindi kapena mafupa. N'zoona kuti mwanabere amathanso kutupa chifukwa cha majeremusi a pabalapo, koma akakhala wolimba ndi wosachepa ngakhale munthu wamwa mankhwala, sitiyenera kudzinamiza. Ziwerengero za ku America zimasonyeza kuti mwa abambo 10 amene khansa yawo yapezeka isanachoke pa chida, pafupifupi 8 amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Ikafika m'phechepeche chiwerengerocho chimatsikira pafupifupi pa theka, ndipo ikafika ku ziwalo zakutali amatsala mmodzi yekha. Bambowo angakhale akadali pamene madokotala angathe kuchitapo kanthu, koma mpata umenewu umachepa mwezi uliwonse.

Mantha awo a kudulidwa ndikuwamvetsa, ndipo musawanyoze nawo, pakuti kwa mwamuna nkhani imeneyi imakhudza ulemu wake ndi banja lake. Koma muwauze zoona zake: kukula kwa opaleshoni kumatsatira kukula kwa bala. Khansa ikapezeka ili pamwamba pa khungu pokha, mankhwala opaka kapena mdulidwe wamba zimatha kukwanira. Ikazama pang'ono, dokotala amachotsa balalo ndi kanyama kozungulira, kapena mutu wokha, ndipo munthu amakodzabe ataimirira, ambiri n'kumakhalanso malo amodzi ndi akazi awo. Kuchotsa chida chonse kumachitika pamene khansa yadya thunthu lake, ndipo pamenepo njira ya mkodzo amaitsegulira pansi, pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, moti bambo amakodza atakhala. Ngakhale zitafika pamenepo, abambo amachira, amalima ndi kulera zidzukulu zawo. Bala losiyidwa ndilo limadya chiwalo chonse, n'kuphulitsanso m'phechepeche chilonda chotaya magazi chimene sichithekanso kusoka.

Dziwaninso kuti palibe amene adzawadula pa tsiku loyamba kapena popanda chilolezo chawo. Choyamba ndi kuyeza: amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kutapa kanyama kochepa ngati njere ya mpunga, kamene amakatumiza ku labotale. Pitani kuchipatala cha boma ndi kabuku kawo kakuchipatala, kuti dokotala aone kuti jakisoni wa chindoko analandira kale kawiri, ndipo munene momveka kuti bala latha miyezi yambiri ndipo mukupempha kuti liyezedwe ngati ndi khansa. Pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kulinso likulu la chithandizo cha khansa m'dziko muno, kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Musachoke musanafunse tsiku lodzamva zotsatira. Ngati bambowo akuchita manyazi, angapemphe kuonedwa ndi dokotala wamwamuna, ndipo ngati mawu anu sakuwalowa, pemphani mchimwene wawo kapena ankhoswe amene amawamvera kuti awaperekeze. Pakadali pano aleke kuthira zitsamba kapena mankhwala owawula pabalapo. Azingotsuka ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono. Ululu ndi fungo zili ndi mankhwala ake, ndipo angawapemphe ngakhale zotsatira zisanatuluke.

Za inuyo, khansa sipatsirana, ndipo kuwasamalira kapena kuwachapira zovala sikungakudwalitseni. Chimene chimapatsirana pogonana ndi HPV, kachilombo kofala kwambiri kamene kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro, choncho matendawa si umboni wakuti wina wazembera mnzake posachedwapa. Muyambe mwadikira zogonana kufikira dokotala atawaona. Inu mukayezetse khomo la chiberekero, ndipo nonse awiri mukayezetse HIV, chifukwa ngati ilipo, kuyamba ma ARV kumathandiza thupi kupirira chithandizo cha khansa. Ngati pakhomo pali atsikana a zaka 9 mpaka 14, funsani azaumoyo za katemera wa HPV, amene dziko lathu linayamba kupereka mu 2019, ndipo anyamata alimbikitseni za mdulidwe wakuchipatala ndi kutsuka mkati mwa khungu tsiku lililonse posamba.